Tsoka la Agalu Omangidwa Kuseri kwa Mpanda

Tcherani khutu, inu amene mwagula pitbull n'kumumangirira patcheni kuseri kwa nyumba. Mwamukhomera kakhola ka malata kopanda zenera kuti asaone munthu tsiku lonse. Mukumuthirira tsabola m'nkhoko, ena mpaka chamba, ati kuti aluse. Anyamata anu akamadutsa amagogoda kholalo ndi ndodo kuti amve kubangula. Ndiye kukabwera alendo mumadzitama kuti, "Ameneyu sasewera, ngakhale ine ndimamuopa." Mukudzitama chiyani? Galu amene mwini wake amamuopa salondera nyumba. Chimene mwasunga kumeneko ndi maliro a mwana wa mnansi wanu.

Ukali umenewu unaumbidwa ndi anthu. Kale ku England ankasonkhana kuonerera agalu akuluma nkhunzi yomangidwa pachikhomo. Lamulo la mu 1835 litaletsa masewerawo, anthu sanalape. Analowa m'malo obisika n'kumamenyanitsa agalu okhaokha, ndalama za juga zili m'manja. Anakweretsa bulldog ndi terrier kuti apeze galu wamphamvu, wachangu, wosataya chimene wagwira. M'zaka za m'ma 1860 James Hinks wa ku Birmingham anatulutsa bull terrier woyera woti munthu aziyenda naye mumsewu mwaulemu, ndipo mu 1935 bungwe la Kennel Club linavomereza Staffordshire bull terrier, amene lero akukhala m'nyumba ndi mabanja ambiri ku Britain. Ena anatenga mbewuyi n'kuifewetsa. Inu mwaitenga n'kuibwezera kudzenje kumene inachokera.

Ndipo inu amene mumati galu aliyense ndi wofanana, lekani kudzinamiza. Kagalu kam'mudzi kakaluma kamathawa. Uyu akagwira amakakamira. N'chifukwa chake amafuna ntchito yoposa ya agalu ena, ntchito imene inu simukufuna kuigwira.

Funsani abale athu a ku Joni zimene zinachitika mu Novembala 2022. Ku Bloemfontein mnyamata wa zaka 8 anaphedwa ndi pitbull wa mnansi akusewera pakhomo pawo. Patangopita masiku ochepa, ku Hennenman, mwana wa zaka 3 anafa imfa yomweyo, ndipo khamu la anthu linawotcha mmodzi wa agaluwo. Kenaka eni agalu anayamba kukawatula ku bungwe losamalira nyama la SPCA, agalu omwewo amene dzulo lake ankajambulitsa nawo zithunzi za pa Facebook. Ku Britain analetsa pitbull mu 1991, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 munthu ku England sangasunge galu wa mtundu wa XL bully popanda chikalata chaboma. Malamulo onsewa amabwera anthu atabwerako kumanda.

Kodi galuyu amapempha zochuluka bwanji? Ubweya wake ndi waufupi, kuupesa kamodzi pamlungu n'kokwanira, ndipo mukamapesa ndi pomwe mumaona nkhupakupa, utitiri ndi mphere zisanakule. Koma wanu simungamupese, chifukwa simungamuyandikire. Katemera wa chiwewe simunamubayitse, chonsecho ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kwaulere kuyambira mu 2015. Galu woyera khungu lake limapsa ndi dzuwa, inu mwamumanga pamtetete m'mwezi wa Okutobala, mbale yamadzi itagudubuzika m'mawa. Choswa mtima kwambiri ndi ichi: ena mwa ma bull terrier oyera amabadwa ogontha. Mumaitana, sakutembenuka, mumatenga chikwapu n'kumati ndi wamwano. Mukumenya nyama yosamva chifukwa chosamva! Makutu omwewo ena mwawadula ndi sizasi kuti aoneke woopsa.

M'mera m'poyamba. Miyezi itatu kapena inayi yoyambirira ndi imene kagalu kamaphunzira kuti mwana, mlendo, mbuzi ndi njinga si adani. Kamafunika kugwidwa ndi manja ambiri, kuyenda pachingwe tsiku lililonse, kuphunzira kukhala pansi, kubwera kakaitanidwa ndi kusiya chimene kanyamula, ndipo kakachita bwino kalandire kanyama ndi mawu okoma. Inu miyezi imeneyo mumaithera mumdima wa khola. Nanunso ogulitsa tiagalu m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe, mukutichotsa kubere tisanakhwime n'kumatinyamula padzuwa pakati pa magalimoto, wogula simumufunsa n'komwe ngati ali ndi mpanda.

Musanene kuti galu wanu anawonongeka kale, palibe chochita. Mu 2007 ku Virginia, m'dziko la America, analanda agalu pafupifupi 50 pamalo omenyanitsira agalu a Michael Vick, katswiri wa mpira. Iye anapita kundende. Agaluwo anthu ankati aphedwe onse, koma ataunikidwa mmodzimmodzi ambiri anapulumuka, ena mpaka anakakhala m'mabanja. Anapezeka anthu oleza mtima. Inu muli ndi nthawi yotsuka galimoto Loweruka lililonse, koma yoyenda ndi galu wanu mulibe.

Tsiku likubwera limene tcheni yadzimbiriyo idzaduka. Mudzaima pamaso pa apolisi ndi amfumu, mayi wa mwanayo akulira kuseri, ndipo mudzanena kuti galu wanu sanayambe walumapo munthu. Adzaitanidwanso wantchito wanu, uja amene mumamulipira pang'ono kuti aziponya chakudya ali chapatali, ndipo iye adzafotokoza za tsabola, za ndodo ndi za khola lopanda zenera.