Mfundo zofunika pa feteleza wotsika mtengo kuno ku Mchinji

Mwezi wa Okutobala ukafika, funso la pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Waliranji limakhala limodzi: kodi maina atuluka? Mvula isanagwe, tiyeni tisinkhesinkhe izi.

1. Thumba lija si mphatso ya munthu. Boma la Bingu wa Mutharika litayambitsa makuponi mu 2005, pa nthawi ya njala, tinazolowera kuthokoza mtsogoleri ngati wapisa m'thumba lake. Ndalamazo n'za msonkho, womwe ngakhale gogo wa kwa Mavwere amalipira akagula mayunitsi a foni. Wopemphetsa amangolandira, koma mwini chinthu amafunsa: matumba abwera angati pa depoti, ndipo apita kwa yani?

2. Musalime munda wonse ndi lonjezo. Mu 2020, ndondomeko ya AIP itayamba pansi pa Lazarus Chakwera, thumba la makilogalamu 50 linali K4,495. Chaka chotsatira linafika pa K7,500, kenaka K15,000, uku chiwerengero cha olandira chikutsikiratsikira. Ena analipira, feteleza n'kufika chimanga chitamasula kale.

3. Kuba kwa pamwamba ndi kwa pansi n'kumodzi. Mu 2022 tinamva zoti K750 miliyoni ya feteleza inalipiridwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, yomwe ntchito yake inali yogulitsa nyama. Nduna ya zaulimi, Lobin Lowe, inachotsedwa, ndipo tonse tinakwiya. Tinalakwa kukwiya? Ayi. Koma nanga uja amagulitsa chitupa chake cha unzika kwa venda, kuti venda akagule matumba awiri m'dzina lake? Nanga mfumu yolemba maina a m'nyumba mwake mokha, kapena wogulitsa pa depoti amene amafuna ya fanta asanakutumikireni? Kuno malire ndi Zambia ndi aatali, njira zachidule n'zambiri, ndipo thumba likachoka m'mudzi silibwerera. Sindikunyoza wogulitsa chitupa chifukwa mwana wadwala. Njala ya lero imaposa nzeru za mawa. Koma mu Febuluwale, nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, venda yemweyo ndiye adzam'gulitse chimanga pa mbale.

4. Woweta naye ndi mlimi. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, AIP inapatsa mabanja ena mbuzi m'malo mwa feteleza, ndipo ganizo limeneli linali lanzeru. Kuno kwathu nkhani ya thandizo imathera pa chimanga, ngati kuti khola si munda. Madibi ambiri anasanduka mabwinja, nkhupakupa zikutha ng'ombe, chigodola chikalowa chimasesa nkhumba mudzi wonse, chitopa nacho sichisiya nkhuku. Katemera ndi mlangizi wa ziweto wofika pa khola zingapulumutse chuma chambiri pa mtengo wochepa. Komanso amene ali ndi ng'ombe ziwiri kapena mbuzi zisanu ali ndi ndowe zopangira manyowa a Mbeya, momwe feteleza wochepa, akasakanizidwa ndi ndowe, phulusa ndi gaga, amathira malo okulirapo. Nthaka yathu yatopa ndi chimanga ndi fodya. Kasinthasintha ndi mtedza kapena soya, mbewu zomwe Mchinji imadziwika nazo, amaibwezera mphamvu.

5. Kusankha anthu kuchitike poyera. Mtukula Pakhomo, yemwe lero ali m'maboma onse, anayambira konkuno ku Mchinji mu 2006, ndipo anthu a m'midzi ankatenga nawo mbali potchula mabanja ovutikitsitsa. Ndiye sitingati njirayo sitikuidziwa.

Inu mafumu, inu a makomiti a chitukuko, ndi inu alangizi: maina a chaka chino akatuluka, awerengeni pa bwalo masana, mudzi wonse ukumva, ndipo mupachike pepalalo pamalo poti mayi wamasiye angafike n'kuona ngati dzina lake lilipo.