Kodi katundu aliyense ngochokera kwa Mulungu?

Kwathu ku Thazima, pachipata cholowera ku Nyika, mawu amene timatonthozana nawo kwambiri ndi akuti, "Pirirani, ndi mayesero." Timawanena pamaliro, timawanena kwa amene wagwidwa ndi ngongole ya feteleza, timawanenanso kwa mayi amene wabwera kutchalitchi ndi diso lotupa. Ine ndimakhulupirira kuti mayesero alipo. Chimene ndikukana n'choti chilichonse chotipsinja chimachokera kwa Mulungu, ndipo chandiphunzitsa zimenezi ndi jeke yodindira fodya.

Fodya wa Burley akauma m'zigafa ndipo tamusankha, timamusanja m'bokosi la jeke, amuna awiri n'kumazungulitsa chitsulo kuti thabwa litsike. Wodinda wodziwa ntchito amamva ndi manja. Belo labwino limalimba pang'onopang'ono. Chitsulo chikalimba msanga, iye amaimitsa n'kuyamba kufufuza: mwina fodya wasanjidwa mopendekera, mwina wachuluka, mwina jekeyo yapindika kapena ikufuna girisi. Wokakamira amafinya masamba mpaka kuda ndi kumatana, ndipo ku okushoni ku Mzuzu belo lotere limagulidwa motchipa kapena kubwezedwa kumene.

M'mafakitale odinda zitseko za galimoto ku Pretoria ndi Durban, nzeru yomweyi anaipereka kwa makina. Pamizati ya makina otsika ndi mphamvu ya matani mazanamazana amamatapo tizipangizo toyeza mmene chitsulo chikutamukira, kompyuta n'kumajambula mzere nthawi iliyonse makina akadinda. Mzere ukakwera kuposa masiku onse, ndiye kuti mpeni wabuntha kapena malata awiri alowa pamodzi. Mbali imodzi ikalemedwa kuposa inzake, chikombole chakhala mopendama. Zikafika poipa makina amazima okha. Palibe injiniya amene amati, "Mphamvu yakwera, tiyeni tipirire."

Nanga ife bwanji timauza munthu zimene sitingauze chitsulo? M'buku la Eksodo, Farao atalamula Aisiraeli kuumba njerwa popanda kuwapatsa udzu, Mulungu sanawatumizire mlaliki wa kupirira, anawatulutsa m'dzikomo. Yetero ataona Mose akuweruza milandu yekha tsiku lonse, sanamuyamikire. Anamulangiza kuti agawireko ena ntchito. Kulira kwa munthu wolemedwa ndi chizindikiro chofuna kufufuzidwa.

Kuno tinakhala zaka zambiri tikuona matenanti akulima fodya chaka chonse, pomaliza n'kuuzidwa kuti ufa ndi mchere zimene anakongola zadya malipiro onse. Ambiri ankati ndi mtanda wawo. Sunali mtanda wa Mulungu ayi, unali wosemedwa ndi anthu, ndipo mu 2021 lamulo la ntchito linathetsa utenanti.

Zoona, pali katundu amene sitingatule: imfa ya mwana, matenda osachiritsika, chilala. Pamenepo kupirira ndi chisomo, ndipo abale amakhala nawe pamphasa osayankhula zambiri. Koma kusiyanitsa katundu ameneyu ndi wosenzetsedwa ndi munthu mnzako ndi ntchito ya chikhulupiriro, si kupanduka. Choncho ndikupempha akulu a mpingo anzanga: mkhristu akabwera akubuula, tisanatsegule Baibulo tiyambe tamufunsa kuti, "Chikukulemerani n'chiyani, nanga wakusenzetsani ndani?" Yankho lake ndilo lidzatiuze ngati tigwade naye kupemphera, kapena tinyamuke naye kupita kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena kupolisi.