Bondo la a Nasibeko

Padangokhala mayi wina wokalamba m'mudzi wina ku Chiradzulu, a Nasibeko. Bondo lawo lakumanja linali litawazunza zaka. M'mawa linkauma gwa, ndipo kuti adzuke pamphasa ankachita kugwira khoma.

Mwana wawo wamkazi anawatengera ku Queens ku Blantyre. Dokotala anati ndi nyamakazi, nawatumiza kwa a fizo. Mtsikana wa fizoyo anawagoneka chagada, napinda chitenje, nachiika kunsi kwa bondo.

"Agogo, kanikizani chitenjechi ndi bondo mpaka ntchafu ilimbe. Gwirani pomwepo. Masulani. Tsopano wongolani mwendo, muukweze pang'ono, muutsitse osafulumira."

Kenako anawakhazika pampando kuti aziimirira ndi kukhala. Anawauza kuti minofu ya m'ntchafu ndiyo imasenza bondo, ikafooka katundu yense amagwera pa mfundo yodwalayo. "Chilichonse ka 10, m'mawa ndi madzulo. Kuwawa pang'ono kotha pofika mawa kusakuopseni, koma bondo likatupa n'kutentha mubwere. Phindu lake silioneka sabata yoyamba ayi." Anawapatsa pepala la zithunzi.

Kumudzi anachita mafizowo masiku atatu. Mwana wawo ataona nkhope ya mayi ake itakwinyika anati, "Amayi, zisiyeni izi, mudzipweteka. Khalani pansi, zonse ndichita ndine." Madzi osamba ankawapititsira, nsima ankawapatsira pamphasa pomwepo, ngakhale chikho cha madzi akumwa ankawatungira. Mwanayo sitingamunene, pakuti ndani angapirire kuona mayi ake akubuula? Koma mwendo wa a Nasibeko unayamba kuonda, ndipo khoma silinakwanenso, anafuna ndodo.

Mwana wawo wamwamuna wa ku Lilongwe ankaimba foni Lamlungu lililonse. "Amayi, mafizo aja mukupanga? Ndalama zathiransipoti zisapite pachabe." Iwo ankayankha kuti eya, pepala lili tsomeke kudenga.

Tsiku lina mdzukulu wawo Chisomo, wa Sitandade 1, anatumidwa pepala loyatsira moto, ndipo anasolola lomwelo.

"Agogo, munthu wajambulidwa apayu akutani?"

"Akukweza mwendo ka 10."

"Ine kuwerenga ndimathera pa sikisi. Aphunzitsi akuti Lachisanu tifike pa teni."

A Nasibeko anaseka, napinda chitenje chawo. "Bwera kuno iwe. Ndikakweza, uziwerenga."

Wani, thu, fili. Pa seveni mwana anakakamira, mwendo uli m'mwamba, ntchafu ikunjenjemera, mpaka agogo anamuuza. M'mawa mwake, phala lili pamoto, Chisomo anabwera yekha ndi chitenje. Zinakhazikika choncho: phala lisanapse, masamu kaye.

Chiperoni chitagwa, bondo linawawa kwambiri, ndipo a Nasibeko anafunda bulangete nati, "Lero ayi." Chisomo sanawakalipire, sanatchule za ndalama. Anangokhala pamphasa nati, "Ndiye tingofika pa faifi, agogo." Anafika pa faifi. Mawa lake anafika pa eyiti.

Mayi ake a Chisomo, mwana wawo wamkazi uja, poyamba ankamuthamangitsa kuti akuvutitsa agogo. Koma m'mawa wina anawaona akudzuka pampando osagwira kanthu. Sanayankhule. Kuyambira pamenepo chikho cha madzi ankachisiya pamtsuko kuti akatunge okha, ndipo madzulo, mwana akagona msanga, ankawerenga ndiye.

Patatha miyezi iwiri, a Nasibeko anayenda okha kukafika kumjigo. Nyamakazi sinathe, kukazizira bondo linkawakumbutsa ndithu, koma ndodo inatsala kuseri kwa chitseko.

Atabwerera ku Queens, mtsikana wa fizo anagwira ntchafu ija nafunsa kuti akuwathandiza ndani.

"Mphunzitsi wanga ali Sitandade 1."

Mtsikanayo analemba pepala lina, la kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde. "Ulendo uno ka 15. Mukamuuze mphunzitsi wanuyo akonzeke."