Cidole ca M'bokosi ndi Cirombo ca Kudambwe

M'midzi ya ku Sinda ndi ku Vubwi, nyengo ya masika ikafika ndipo cimanga calowa m'nkhokwe, ana sasowa coseweretsa. Mtsikana wamng'ono atola citsononkho padzala, acikulunga m'kansanza, nacibereka kumsana monga acitira amai ace ndi khanda. Acipatsa dzina, aciyamwitsa, acikalipira cikamvuta, ndipo popita kumasanje acigoneka pamthunzi kuti dzuwa lingaciwambe. Anyamata nao ali kudambo kuumba ng'ombe za dothi, za nyanga zazitali ndi linunda. Ng'ombe ikathyoka nyanga mwini wace alira pang'ono, kenaka akumba dothi lina naumba ina. Palibe awerenga zidole zotere, palibe azisunga, ndipo mvula yoyamba ikagwa zibwerera kunthaka kumene zinacokera.

Koma kuli maiko ena kumene cidole casanduka cuma ca akuluakulu. Amuna a ndevu ndi akazi a zidzukulu agula zidole, osati kuti apatse ana, koma kuti azisunge m'makabati a galasi. Zimene azifunitsa ndizo zija zopangidwa zowerengeka dala. Mwini fakitale alengeza kuti za mtundu wakutiwakuti adzapanga mazana asanu okha. Ciri conse acilemba nambala yace, acipatsa ndi kalata ya umboni, ndipo zikatha sadzapanganso. Anthu a ku Katete akamva zimenezi angaseke, nati ndi misala ya okhuta. Koma kuseka sikuyankha funso, pakuti mtima wokhumba cinthu cimene mnzace alibe uli mwa munthu ali yense, wa ku London ndi wa kwa Kawaza yemwe. Funso lace ndi ili: kodi cinthu cikhala ca mtengo cifukwa ca ubwino umene uli mwa ico, kapena cifukwa cakuti ena acisowa?

Kuyenera kuyamba ndi kuwacitira cilungamo okundika zidole. Zina mwa zidolezo nzopangidwa mwaluso ndithu, nkhope zojambulidwa ndi dzanja, zobvala zosokedwa ndi singano yaing'ono. Munthu wokonda nchito yotere sasiyana ndi nkhalamba imene isunga mpando wosema bwino wa atate ace, ngakhale mipando ya pulasitiki yadzaza pamsika. Ena agula cifukwa ca kukumbuka ubwana. Cidole cochedwa Barbie cinayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1959 pa mtengo wa madola 3, ndipo atsikana amene anacilakalaka masiku amenewo, makolo ao osakhoza kuwagulira, atakula ndi kugwira ndarama zao anacifunafuna kufikira anacipeza. Mkazi wotere alipira cifukwa ca tsiku lija anaima pa zenera la sitolo nabwerera kwao cimanjamanja. Okundikawo alinso ndi mabungwe ao, alemberana, asonkhana caka ndi caka, ndipo kwa wamasiye wokhala yekha m'mzinda waukuru ubale umenewo si cinthu copepuka.

Coipa ciyamba pamene kusowako kuli kocita kupanga. Alimi adziwa kuti njala ziri ziwiri. Iripo njala ya cilala, monga ya 1992 ndi ya 2024, imene palibe munthu angaimbidwe nayo mlandu. Iriponso njala ya wamalonda amene atsekera matumba m'nyumba, nadikira mwezi wa February kuti mtengo ukwere. Kusowa kwa zidole zowerengeka nkwa mtundu waciwiriwu. Makina amene anapanga mazana asanu angathe kupanga zikwi zosawerengeka, koma mwini wace awaimitsa dala, podziwa kuti munthu akamva kuti zatsala zocepa sayamba waganiza ngati acifunadi cinthuco.

Mwamuna wina wa ku America, Ty Warner, anaidziwa bwino nzeru imeneyi. Kuyambira m'caka ca 1993 kampani yace inagulitsa tinyama ta nsaru tochedwa Beanie Babies, pa mtengo wa madola ngati 5 kamodzi. Nthawi ndi nthawi inalengeza kuti kanyama kakuti kaleka kupangidwa, ndipo pomwepo anthu anathamangira m'masitolo, nagulitsana okhaokha pa intaneti pa mitengo ya madola mazanamazana. Mabanja ena anathira m'menemo ndarama zimene anasungira sukulu ya ana, poyesa kuti tinyamato tidzaswana monga ziswana mbuzi m'khola. M'caka ca 1999, mu mzinda wa Las Vegas, mwamuna ndi mkazi wace posudzulana analephera kugawana tinyama tao, kotero kuti woweruza anawalamula kutikhuthula pansi m'nyumba ya milandu ndi kusankha kamodzikamodzi mosinthana, anthu ali kuona. Sipanapite nthawi yaitali mitengo inagwa, ndipo ambiri anatsala ndi makatoni a tinyama tosowa wogula. Akuluakulu anati cuma ndi mcira wa khoswe, sucedwa kupululuka. Koma apa ngakhale khoswe mwini wace panalibe.

Phunziro limenelo silinakhalitse. Pambuyo pace kunabuka Labubu, kacidole ka makutu aatali ndi mano osongoka, kojambulidwa ndi Kasing Lung ndi kugulitsidwa ndi kampani ya ku China yochedwa Pop Mart. Kameneka kagulitsidwa m'bokosi lomata, wogula osadziwa mtundu umene uli m'kati kufikira atalipira, ndipo pakati pa mabokosi ambirimbiri pali limodzi lokha lobisa mtundu wosowa. Uku ndiko kuchova juga, ngakhale kwabvala nkhope ya mwana. M'mwezi wa May 2025 kampaniyo inayamba yaleka kugulitsa zidolezi m'masitolo ace a ku Britain cifukwa ca ndeu za anthu oima pamzere, ndipo m'mwezi wa June caka comweco, ku Beijing, cimodzi cotalika ngati mwana wa sukulu cinagulidwa ndi ndarama za kumeneko, mayuan, oposa 1,000,000.

Cozizwitsa coposa zonsezi ndi cakuti mtengo wa cidole utsika bokosi lace likangotsegulidwa. Cifukwa cace wokundika weniweni salikhudza tsitsi la cidole cace, sacibvula nsapato, ndipo mdzukulu akatambasula dzanja amkalipira. Pamenepa pali cinthu cokhota. Cidole cinapangidwira mwana, ndipo nchito yace ndiyo kuphunzitsa manja ang'onoang'ono kulera, kusambitsa ndi kutonthoza. Khasu limene mwini wace aopa kuligwiritsa nthaka kuti lingade, kodi likali khasu? Citsononkho ca mtsikana wa ku Sinda cagwira nchito yonse ya cidole, ngakhale ciribe maso ndi pakamwa. Cija ca m'bokosi, ndi maso ace a galasi, sicinaigwire ndi tsiku limodzi lomwe.

Wina angati nkhani iyi nja kutsidya la nyanja, siikhudza Acewa. Si tero ai. Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika, kufupi ndi Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pa tsiku limenelo zirombo za midzi yambiri zituluka m'bwalo limodzi, ndipo alendo a maiko akutali abwera ndi makamera ao. Ciyambire caka ca 2005, pamene bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala cimodzi ca zinthu zopambana za cikhalidwe ca anthu a dziko lonse lapansi, mbiri yace yafika kutali koposa kale. Za kudambwe sizilembedwa pa pepala, ndipo sizidzalembedwa pano. Koma cimene ena mwa alendo ndi amalonda afuna cidziwika kwa onse: afuna nkhope ya cirombo, kuti akaipacike pa khoma kapena akaigulitse m'masitolo a zosema a ku Ulaya ndi ku America. Mtima wao ndi womwe uja wa wokundika zidole, pakuti cimene ciwakoka ndi cakuti nkhope iri yonse iri yokha, ndipo mnzao wa nyumba yapafupi alibe.

Pali coseketsa pang'ono pamenepa. Zirombo monga Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Mariya, zinabadwa m'masiku amene anyau analimbana ndi amishoni, amene analetsa Akristu ao kulowa gule. Acewa anawapenyetsetsa alendowo, nawatulutsa m'bwalo kuti mudzi uwaone ndi kuwaseka. Tsono adzukulu a osekedwawo ndiwo atulutsa ndarama kugula cithunzi ca agogo ao.

Koma Acewa ali ndi cao cowerengeka, cosowa koposa cidole ciri conse ca m'fakitale, ndipo cimene acita naco cisiyana kotheratu. Nyau zolemba, monga Kasiyamaliro, zilukidwa ndi udzu ndi makoko a cimanga, nchito ya masiku ambiri ndi ya luso lalikuru. Zituluka pa mwambo wa maliro, zibvina, ziperekeza mzimu wa womwalirayo. Ndipo mwambo ukatha zitenthedwa. Kenji Yoshida, wophunzira wa ku Japan amene anakhala pakati pa Acewa a Cigawo ca Kum'mawa m'zaka za m'ma 1980, analemba za kutenthako. Comweconso zoumba za anamkungwi pa cinamwali sizisungidwa mwambo utatha. Wokundika akamva kuti cinthu cokongola cotere cisanduka phulusa agwidwa ndi cisoni, nati nkuononga. Eni ace sayesa kuononga, pakuti kwa iwo motowo ndi mbali ya nchito yace, ndipo Kasiyamaliro wosatenthedwa ali ngati maliro osaikidwa. Luso silipsa ndi moto. Liri m'manja a amene analuka, ndipo maliro ena akagwa adzalukanso, anyamata ali kuona ndi kuphunzira. Mwini fakitale acepetsa zidole kuti anthu alimbirane, koma mudzi utentha cirombo cace kuti wina asakhale naco yekha.

Komabe mlandu sutha msanga cotero, cifukwa osunga ali ndi mau amphamvu. Ku Mua, m'dziko la Malawi, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a Kungoni m'caka ca 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zamakedzana ya Chamare muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Iye sanakundike mitengo yosema yokha, koma anafunsa dzina la cirombo ciri conse, nyimbo zace ndi mwambo umene ciphunzitsa, nazilemba. Zirombo zina zimene zinaleka kutuluka m'mabwalo zikadaiwalika pakadapanda nchito imeneyo, pakuti ciswe ndi imfa ya nkhalamba sizidikira. Pali kusiyana kwakukuru pakati pa wosunga amene atsegula citseko kuti ana a eni ace adzaone ndi kumva, ndi wosunga amene atseka citseko nawerengera phindu. Ngakhale ziri tero, alipo akuluakulu amene mtima wao sukhazikika poona nkhope za zirombo ziri pa khoma usana, pamaso pa akazi ndi ana osalowa, ndipo dandaulo lao siliyenera kupeputsidwa. Cirombo copanda ng'oma, copanda pfumbi la m'bwalo ndi akazi oyankha nyimbo, cifanana kwambiri ndi cidole cija ca m'bokosi.

Wobvutika koposa onse ndi wosema. Iye ndi mlimi monga anzace. Afuna feteleza, mbeu, malata, ndi zobvala za ana a sukulu. Mlendo akamuonetsa ndarama zoposa zimene angapeze pa matumba angapo a soya, nkosabvuta kwa munthu wokhuta kumuuza kuti akane. Ndipo kunena zoona, mtengo anadula ndi iye, sompho ndi yace, luso ndi lace. Ndani angamletse kudya thukuta lace? Koma cimene analowa naco m'bwalo sicikhalanso cace yekha. Calowa m'manja a mfumu ya mzinda ndi a akulu a kudambwe, caperekeza akufa a mabanja ambiri, ndipo wocigulitsa mobisa wagulitsa ca eni.

Ciripo cimene wosema wanzeru angacite, ndico kusema nkhope yatsopano ya malonda, imene siinafike kudambwe ndipo siinabvine pa maliro a munthu ali yense. Pamenepo palibe wolakwiridwa; wogula apeza cokongola cace, wosema apeza feteleza wace. Koma apa ndipo mtima wa wokundika uonekera poyera. Nkhope yatsopanoyo aitembenuza, ainunkhiza, naiika pansi, nati iyi nja alendo wamba. Afuna ija yakale, yakuda ndi thukuta m'kati, yoperepeseka m'mphepete, imene angakauze anzace kuti inabvinadi. Cifukwa cace amalonda ena a zosema za mu Afrika aphunzira kufukiza zosema zatsopano pa utsi ndi kuzikwirira m'dothi kuti zioneke zakale. Munthu yemwe uja amene akana cidole cifukwa mwana anacikhudza, akafika ku Katete akana nkhope cifukwa palibe anaibvala. Ndipo ndarama zace zambiri azisungira cokhaco cimene wosema alibe cilolezo ca kucigulitsa.