Njala Imafika Mpaka M'maganizo



M'mawa uno mtima wanga uli pa achinyamata. Namondwe Freddy anakokolola mbewu mu 2023, kenako ng'amba ya 2024 inawotcha chimanga m'minda, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Zotere zimasiya mabala osaoneka.

Taganizirani mnyamata wongokwatira kumene. Nkhokwe ili mbee. Wayenda wapansi mpaka ku Songani kusaka ganyu, wabwerako chimanjamanja. Usiku tulo osabwera, masana ali duu pakhonde, dzanja patsaya. Mkazi wake amakankhira mwana kansima kake, nati wakhuta kale. Anzawo ena athawira ku kachasu.

Ife timafulumira kunena kuti ndi ulesi. Ayi ndithu, nkhawa ikakula ndi matenda, ndipo thandizo lilipo, kuyambira kuchipatala chapafupi mpaka ku Zomba Mental Hospital.

Amayi, abambo, ngati mwana wanu wangoti zii masiku ano, khalani naye pansi lero lomwe, mumufunse mofatsa. Ndipo inu amene muli ndi kaufa, apatsireniko anzanu oyandikana nawo.