Uthenga Umene Umaloŵa Mkati

MUNTHU akakumana ndi njoka panjira, mtima wake umagunda mofulumira ndipo miyendo yake imapeza nyonga yothaŵira. Kodi nchiyani chimachititsa zimenezi? Tiziŵalo tiŵiri tokhala pamwamba pa impso timatsanulira adrenaline m'mwazi. Komabe, mthenga ameneyu saloŵa m'maselo amene watumidwako. Amangoima pakhomo, ndiko kuti pa puloteni yolandira uthenga imene ili pakhungu la selo.

Nanga uthengawo umafika motani mkati? Cha m'ma 1957, Earl Sutherland ndi Theodore Rall, ofufuza a ku Cleveland, United States, anapeza yankho m'maselo a chiŵindi. Mmenemo munali kanthu kotchedwa cyclic AMP, kamene kanadzadziŵika monga mthenga wachiŵiri. Sutherland analandira Mphotho ya Nobel mu 1971 kaamba ka ntchito imeneyi.

Adrenaline atagogoda pakhomo, puloteni yotchedwa G imadzutsa enzyme imene imapanga cyclic AMP wochuluka. Iyenso amadzutsa ma enzyme ena, ndipo lomalizira limaswa glycogen, shuga wosungidwa m'chiŵindi, kotero kuti minofu ipeze chakudya. Pa sitepe lililonse uthengawo umakula, monga mmene mfuu ya munthu mmodzi imadzutsira mudzi wonse. Ngoziyo itapita, enzyme inanso imaphwanya cyclic AMP, ndipo selo limapuma. Mposadabwitsa kuti Davide anatamanda Mlengi kaamba ka kapangidwe ka thupi lake!—Salmo 139:14.

Koma dongosolo limeneli likhoza kulandidwa ndi mdani. Poizoni wa kachilombo ka kolera amaloŵa m'maselo a matumbo ndi kumanga puloteni G kuti isaleke kugwira ntchito. Chotero cyclic AMP amangochuluka, ndipo mchere ndi madzi zimakhuthukira m'matumbo. Wodwala kwambiri angataye madzi okwana lita imodzi pa ola. Mliri wa m'Malaŵi wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700.

Kodi Mkristu angaphunzirepo chiyani? Choyamba, uthenga wothera pakhomo sugwira ntchito. Wophunzira Yakobo anachenjeza kuti munthu amene amangomva mawu a Mulungu popanda kuwachita amadzinyenga yekha. (Yakobo 1:22) Kusinkhasinkha ndiko kumanyamula zimene khutu lamva ndi kuzifikitsa mumtima, mmene zosankha zimapangidwira. Atate amene wamva uphungu wonena za kuleza mtima adzaonekera pa mmene amalankhulira ndi ana ake madzulo omwewo.

Chachiŵiri, si zonse zofika pakhomo zimene zili zoyenera kuloŵa. Nsanje, miseche, ndi chikhumbo choipa, zitaloledwa mkati, zimalamulira munthu mosalekeza kufikira nyonga yake yauzimu itatha. Nchifukwa chake mfumu yanzeru Solomo inalangiza za kutchinjiriza mtima koposa china chilichonse. (Miyambo 4:23) Ndithudi, aliyense angachite bwino kudzifunsa kuti ndi mauthenga ati amene afika mumtima mwake mlungu uno, ndipo ampangitsa kuchita chiyani.