Nyenyezi yachilendo ikabwera, ikupezeni muli maso

Ana anga a kuno ku Bowe, chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya n'kupita ku okushoni, inu mumati ntchito yatha, usiku wonse n'kumangoweramira foni. Dzutsaniko mutu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mitambo itabalalika, utsi wa lupsa usanaphimbe mapiri a Dowa ndi Ntchisi, thambo lathu limayera mbee. Mdima umene mumadandaula nawo, woti magetsi sanafike m'midzi yathu, ndi womwe anthu oyang'ana nyenyezi a ku Johannesburg amausakasaka osaupeza.

Nthawi zina nyenyezi imangotulukira pamene dzulo panalibe kanthu. Akatswiri amaitcha nova. Mukadzaiona musadzathamangire kunena kuti ndi malodza. Kumeneko kumakhala nyenyezi ziwiri zozungulirana moyandikana. Ina ndi yaing'ono, msinkhu wa dziko lapansili, koma yolemera koopsa, ndipo imakoka mpweya wa hydrogen kwa inzakeyo. Mpweyawo umaunjikana pamwamba pake, kutentha n'kumakwera, mpaka tsiku lina umaphulika. Kanyenyezi kosaoneka ndi maso kamawala mowirikiza masauzande m'masiku ochepa, kenako n'kumazilala kwa milungu kapena miyezi.

Ambiri amene anayamba kuona nyenyezi zotere si maprofesa ayi. Pa 25 Meyi 1925, bambo wina wa ku Beaufort West ku South Africa, R. Watson, anaona nyenyezi yosaidziwa m'gulu lotchedwa Pictor, ndipo pofika mu Juni inali pakati pa nyenyezi zowala kwambiri kummwera. Pa 2 Disembala 2013, John Seach wa ku Australia anapeza ina pafupi ndi nyenyezi ziwiri zoloza Mtanda wa Kummwera, ndipo inawala moti aliyense wodzuka m'bandakucha kuno akanaiona. Watson anazindikira mlendo chifukwa eni mudzi ankawadziwa onse. Agogo anu ankaloza Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Nthanda osaphonya. Inu mungaloze zingati?

Kuona kokha sikukwanira, ntchito yeniyeni ndi kuyeza. Kuwala kwa nyenyezi kuli ndi manambala ake, ndipo amayenda chobwerera: nambala ikachepa ndiye kuti nyenyeziyo ndi yowala. Ya 1 imaposa ya 6 maulendo 100, ndipo 6 ndiye pothera diso la munthu pamdima wabwino. Kayezedwe kake mukukadziwa kale, inu amene munakulira m'chigafa. Posankha fodya mumaika tsamba pakati pa ena awiri n'kuona kumene lapendekera. Apanso mumapeza nyenyezi ziwiri zoyandikana ndi mlendoyo, ina yomuposa pang'ono, ina yochepera, zimene manambala ake alembedwa pa tchati. Ngati ina ndi 4.0, ina 5.0, ndipo mlendoyo wayandikira yowalayo, mulemba 4.3. Matchati amenewa amapezeka kwaulere pa intaneti ku bungwe la AAVSO la ku America, limene lakhala likulandira miyezo ya anthu wamba kuyambira 1911.

Khalani pamdima mphindi 20 maso asanayambe ntchito, ndipo foni ikhale m'thumba, chifukwa kuwala kwake kumabweza zonse pachiyambi. Valani juzi, chisanu cha Juni kuno sichisewera. Lembani tsiku ndi nthawi yeniyeni m'kope, ndipo potumiza muchotse maola awiri pa nthawi ya Malawi kuti igwirizane ndi imene dziko lonse limagwiritsa ntchito.

Tsono apa mpamene ndikufuna mundimvetse. Lembani chimene diso lanu laona, osati chimene mnzanu wanena, osatinso chimene mukuganiza kuti chiyenera kukhala. Mtima umanyenga. Dzulo munalemba 4.3, ndiye lero mumafuna 4.5 chifukwa mwamva kuti nova imazilala, pamene zina zimayambanso kuwala zisanazilale. Mitambo ikatchinga, siyani mzerewo wopanda kanthu. Nambala yanu idzaikidwa pamodzi ndi ya munthu wa ku Chile ndi wa ku New Zealand, ndipo akatswiri adzadalira kathamangidwe ka kuzilala kwake pofuna kumvetsa kuphulikako. Bodza limodzi lolembedwa ku Bowe limasokoneza ntchito ya anthu amene simudzaonana nawo. Danie Overbeek wa ku South Africa anatumiza miyezo yoposa 250,000 pa moyo wake, ndipo ankalemekezedwa chifukwa manambala ake anali odalirika.

Pali ina imene ikuyembekezeka. Madzulo a Juni ndi Julayi, yang'anani kumpoto, chakum'mawa kwa nyenyezi yofiirira yotchedwa Arcturus. Muona kagulu kopindika ngati theka la mkombero, Corona Borealis. M'mphepete mwake muli T Coronae Borealis, imene inaphulika mu 1866 ndi mu 1946, ndipo akatswiri akuti nthawi yake yakwananso. Masiku onse imakhala pa 10, yosaoneka popanda chipangizo, koma ikaphulika imafika pa 2, n'kuoneka ndi maso kwa sabata imodzi yokha. Jambulani kaguluko m'kope lero, muziwerenga nyenyezi zake usiku uliwonse kukayera, kuti ikadzawonjezekera ina mudzadziwe pomwepo.